Mayankho Olakwa a Lukonde

Lukonde anali atagwada pakhonde la nyumba yawo ku Kaunda Square, kope lili pampando, pamene amayi ake anayamba kulongedza chikwama. Linali Lamlungu, tsiku lokhalo limene ankabwera kunyumba kuchokera ku Kabulonga, komwe ankalera Chloe, mwana wa abwana awo.

Homuweki inali ya Chingerezi. Aphunzitsi anapereka ziganizo zitatu zokhala ndi mawu akuti "lost", za kiyi yotayika, mpira woluza ndi munthu woonda, ndipo ankafuna mawu otsutsana nawo pa chiganizo chilichonse. Lukonde ankawerenga mokweza, mongodziyankhulira.

"Pa kiyi yotayika lemba 'found'," anatero amayi ake osacheuka n'komwe. "Pa mpila woluza, 'won'. Pa uja waonda, 'gained'."

Lukonde anadzutsa mutu. Amayi akewo sukulu analekeza giredi seveni.

"Ba mami, mwaziba bwanji?"

"Ah, na Chloe tinavutika navo mulungu wonse! Mwana uja mutu ni mwala. Nikachokapo chabe, alemba vake vake. Nifunika kunkala naye patebulo mpaka asilize."

"Masiku onse?"

"Masiku onse. Iwe sunivutisa, mwana wanga. Ndiwe wanzelu, uchita weka."

Lukonde anayang'ana pakope lake. Mayankho atatuwo ankawadziwa kale. Chaka chonse ankakhoza yekha, ndipo amayi ake ankangosayina kope ali chiimire, chikwama chili paphewa. Kumeneko ku Kabulonga, mwana wa eni ankalakwitsa n'kumakhala nawo patebulo tsiku lililonse.

Lukonde anagwira pensulo. Pa kiyi analemba "won". Pa mpira analemba "gained".

"Nasiliza. Sainani."

Amayi ake anawerama, n'kukwinya nkhope.

"Iwe! Kiyi naye ni timu, kuti awine? Si nakuuza manje manje?"

"Sininamvele."

"Minibasi izanisiya, Lukonde. Ba madamu safuna kuchedwa."

"Yendani chabe. Nizapeleka so."

Amayiwo anayang'ana nthawi pafoni, kenako anamuyang'anitsitsa mwana wawo kwa kanthawi. Lukonde sanaphethire. Kumsewu, kondakitala ankaitanira anthu opita m'tauni.

Amayiwo anatula chikwama, n'kugudubuza chidebe n'kukhalapo.

"Sendela uko. Fufuta. Tiyambe na kiyi."

Lukonde anafufuta pang'onopang'ono, phewa lake litatsamira pa mkono wa amayi ake. Minibasi inaliza hutala n'kunyamuka. Atafika pa chiganizo chachiwiri, analakwitsanso.