Mwendo wa Kakowa

"Taonaninso bwino, mwina ndi maso angawa akalamba," anatero a Zhumabek, kochi wa timu, uku akubweza kanema wa masewero a dzulo lake.

Anyamata onse a timu ya hoke, masewero a ndodo a pa ayezi, anali pa mabenchi m'chipinda chovalira, ena atamanga kale nsapato zawo zotsetserekera pa ayezi. Pa kanemapo mdani anakweza ndodo n'kumenya shayiba, kamphira kakuda kaja kolimba ngati mwala. Patsogolo pa golo panali Miras, wotchinga kumbuyo watsopano. Ntchito yake pamenepo inali imodzi basi, kuima pa njira ya shayiba kuti imenye iyeyo. Koma Miras anatembenuza nkhope n'kukweza mwendo umodzi. Shayiba inadutsa pansi pa mwendowo n'kukalowa m'golo, goloboyi osaiona n'komwe.

A Zhumabek anaimitsa kanemayo pomwepo, mwendo uli m'malere.

"Anyamata, tandikumbutsani," anatero Ruslan, yemwe pakamwa pake sipankatsekeka, "mbalame ija imaima ndi mwendo umodzi m'dambo, dzina lake ndani?"

"Kakowa!" anayankha wina kumbuyo.

Chipinda chonse chinafa nalo phwete. Kuseka kwa anyamata a hoke sikokoma kukuona, chifukwa ambiri alibe mano akutsogolo, ndipo mipatayo amainyadira ngati mamendulo. Miras, yemwe mano ake anali onse, anangoti zyoli kuyang'ana zingwe za nsapato zake.

"Mwana wanga, ine ndilibe nawe chifukwa," anatero a kochi phokoso litatha. "Liwiro uli nalo, mutu uli nawo. Koma aka si koyamba. Loweruka tikusewera ndi a ku Pavlodar. Ukakwezanso mwendo umenewo, ulongedze chikwama ubwerere kwa ana anzako. Tamvana?"

"Tamvana, a kochi."

Kwathu kuno ku Oskemen mwana amadziwa kutsetsereka pa ayezi asanadziwe kupukuta mamina, ndipo Miras sanali wamantha chibadwire. M'timu ya ana aliyense amavala chisoti cha mawaya otchinga nkhope yonse. Ali m'mawaya amenewo Miras ankadziponya patsogolo pa shayiba osaganiza n'komwe, ndipo kulimba mtima kumeneko n'kumene kunamukwezera ku timu ya akulu. Koma kwa akulu mawaya amachotsa, pamatsala kagalasi kophimba maso okha. Wobwera ndi mawaya kumeneko amasekedwa mpaka kudzapuma ntchito. Tsono shayiba ya akulu si ya ana. Imabwera ikulira, ndipo Miras akaimva kulirako, thupi lake linkachita zake osamufunsa mwini wake.

Zoyeserera zitatha tsiku limenelo, Miras anatsalira kutolera mashayiba m'ndowa, monga amachitira watsopano aliyense. A Vadim, goloboyi, omwe anali wamkulu pa onse m'timumo, ankavula zotchinga miyendo pambali pa golo.

"Achimwene, pepani za dzulo zija."

"Pepani wako ndimutani, ndimuike m'golo?" anayankha a Vadim osatukula mutu. "Tamvera mphwanga. Ngati ukuopa, choka pamaso panga ndiione ndekha. Ngati waima, ima. Koma kundiphimba maso kenako n'kuitsegulira chitseko, zimenezo ayi. Pa bolodi salemba kuti Kakowa anakweza mwendo. Amalemba kuti Vadim wakalamba."

Miras anafuna kufunsa kuti kodi enawo amatani kuti shayiba isawapweteke. Funsolo linafika pakamwa n'kubwerera. Pakati pa amuna opanda mano, kufunsa zotere kuli ngati kuvomera kuti dzina lija ndi lako ndithu. Ananyamula ndowa yake n'kumapita, mtima ukumuwawa.

Kunyumba anapeza mayi ake, a Sholpan, akukazinga timandasi totchedwa baursak, tiyi wamkaka ali kale pa tebulo. Nkhani ya kakowa inali itawafika kudzera kwa mkazi wa m'nyumba yoyandikana, poti m'tauni muno za hoke zimayenda msanga kuposa za maliro.

"Mawaya ako aja ndinawasunga m'kabati," anatero akumuthirira tiyi. "Bwanji osangowabwezeretsa?"

"Amayi, mukufuna andiseke mpaka ku Astana?"

"Akusekawo adzakutafunira nyama?"

"Inu simungamvetse."

"Eya, sindingamvetse. Ine ndinangokubereka ndi nkhope yonse, basi. Amalume ako akuti ku fakitale ya mtovu kuli malo. Kumeneko munthu amabwera kunyumba ali wakuda, koma amasamba n'kuyera."

Miras anayang'ana panja. Fakitaleyo ankaiona tsiku lililonse pa windo, utsi wake utaphimba mtsinje. Anzake onse amene hoke inawalavula anali kumeneko, ndipo Loweruka lililonse ankakhala pa mipando ya kumwamba m'bwalo, kumakuwa kuti iwo akanasewera bwino kuposa apa. Miras ankaopa shayiba, inde, koma mipando ya kumwambayo ankaiopa koposa.

Loweruka masana bwalo linadzaza. Kunja kunali chisanu chothetsa mankhalu, m'kati anthu akutuluka thukuta ndi kukuwa. Zigawo ziwiri zoyamba Miras anasewera bwino, ndipo mwayi wake panalibe shayiba yoopsa imene inabwera mbali yake. M'chigawo chomaliza, zigoli zili zofanana, mnzake wina wa Miras anakola mdani ndi ndodo, woyimbira n'kumutulutsa kwa kanthawi. A timu ya Miras anatsala ochepa. A Zhumabek anayang'ana pa benchi n'kugwira phewa la Miras.

"Lowa."

A ku Pavlodar anazunguliza shayiba uku ndi uku, mpaka inafika kwa chimphona chawo china chimene chinaima kutali, pafupi ndi mzere wa buluu wojambulidwa pa ayezi. Chimphonacho chinakweza ndodo mpaka kupitirira mutu. Pakati pa iye ndi a Vadim panali Miras yekha.

"Kakowa, miyendo pansi!" anakuwa Ruslan.

Miras anamva mwendo wake wamanzere ukuyamba kupepuka. Anadziwa kuti sangathe kuuletsa ali chiimire. Choncho anachita chokhacho chimene chinamubwerera m'mutu: anagwada maondo onse awiri pomwe analipo, manja m'mbali, nkhope poyera, monga ankachitira masiku a mawaya. Shayiba inadzuka pa ayezi, n'kupeza nkhope ili pa msinkhu wake ndendende.

Phokoso lake linali ngati nkhuni youma ikuthyoka. Bwalo lonse linangoti zii. Kenako, pamene ankamunyamula, magazi akudontha pa ayezi, anthu anaimirira n'kuwomba m'manja, anzake akumenya ndodo pa matabwa a benchi monga amachitira polemekeza munthu. Miras anamva zonsezo ngati zikuchokera m'nyumba ina.

Nsagwada inathyoka pawiri. Adotolo anamanga mano a pamwamba ndi a pansi pamodzi ndi waya, n'kunena kuti za hoke aiwale kaye mpaka chisanu chitatha. Ankadya za madzi zokha kudzera m'kapaipi, ndipo poyankhula mawu ankatulukira pa mpata wa mano amene anachoka.

Patapita masiku a Vadim anabwera kuchipatala, atanyamula botolo la kefiri, mkaka wowawasa ngati chambiko. Anakhala pa mpando chisoti cha ubweya chili pa bondo, n'kumuyang'ana nthawi yaitali.

"Akonza bwino, eti? Tsopano ukufanana ndi anthu," anatero, koma nthabwalayo inafera m'malere. "Tinapambana tsiku lija. Anyamata akukupatsa moni. Ruslan akuti amene adzatchulenso kakowa amuthyola mphuno yekha. Pano ndiwe Miras kwa aliyense."

Miras anagwedeza mutu. Kenako anafinya mawu pa mpata uja.

"Malo anga?"

A Vadim anayang'ana pa windo.

"A kochi akukutamanda kwambiri. Koma masewero sadikira nsagwada, mphwanga. Abweretsa mnyamata wina wa ku Karaganda. Zovala zako aziika m'chikwama, zili ku stolo. Akuti chaka chamawa udzayesedwe pamodzi ndi atsopano."

Misozi inatsika yokha n'kumalowa m'nsalu zomangira bala. Miras sanaipukute. Anali atachita zimene anamuuza, mwendo sanakweze, ndipo malo anapitabe. Chinamupweteka chimenecho kuposa waya.

"Unagwadiranji kutali chonchija?" anafunsa a Vadim mwadzidzidzi, ngati akwiya. "Munthu akakweza ndodo umamuthamangira! Ukafika pafupi, shayiba imakhala isanadzuke, imamenya zotchinga miyendo, siupweteka n'komwe. Kutali ndiye imakupeza kumaso. Iwe unagwada ngati uli m'pemphero."

Miras anawayang'ana, diso limodzi lotupa.

"Simunandiuze."

"Sunafunse."

M'khonde munadutsa kangolo ka mankhwala, matayala ake akulira.

"Ifenso palibe anatiuza," anatero a Vadim motsitsa mawu, akusisita chisoti chawo. "Aliyense anaphunzira ndi mano ake. Ndiye timangoganiza kuti ndi mmene zimakhalira."

Anaimirira kuti azipita. Miras anawagwira mkono wa jekete.

"Pafupi bwanji?"

"Wati chiyani?"

"Pafupi... bwanji? Ndionetseni."

A Vadim anapuma mozama. Anayang'ana uku ndi uku, n'kuona ndodo yokolopera itatsamira pakona. Anaitenga, anakankhira mpando kukhoma, n'kuima kumiyendo kwa bedi.

"Chabwino. Ine ndine wa ku Pavlodar uja. Usayang'ane nkhope yanga, yang'ana ndodo. Ikangoyamba kukwera, iwe wanyamuka kale. Miyendo pamodzi, chibwano pansi. Tadzuka tione."

Miras anatsitsa miyendo pa bedi pang'onopang'ono, mutu ukuzungulira, n'kuima ndi mapazi opanda nsapato pa simenti yozizira.

Nthawi yomweyo a Sholpan analowa ndi fulasiki ya msuzi wa nkhosa. Anaima pakhomo, kuona mkulu wa imvi atakweza ndodo yokolopera, ndi mwana wawo, mutu uli m'nsalu, akuyenda mwapendapenda kupita kumene kuli ndodoyo. Anadziwa pomwepo kuti mwana wawo hoke saisiya.

"Msuzi uzizira," anatero.

Palibe anawamva. Anaika fulasikiyo pa tebulo, anakhala m'mphepete mwa bedi manja ali pa maondo, n'kumayang'anitsitsa mbali ya nkhope ya mwana wawo imene inali isanaphwanyike.