Maondo a Perpetua

Perpetua anachoka ku Katete mvula itangoyamba, m'chaka cha 1957. Maondo ake anali atatupa, zala zosapindika, moti ndowa ya madzi inali itamukanika kusenza. Alongo ake anabwera kudzamutenga pa lole.

"Kwathu ku Vubwi aliko omusamala," anatero alongowo kwa mwamuna wa Perpetua, Damiano. "Inu alamu mumaswera kuchipatala tsiku lonse."

Damiano sanatsutse. Ankagwira ntchito pachipatala cha mishoni, kutsuka zilonda ndi kumanga mabandeji. Chimene chinkamudya mumtima n'chakuti tsiku lililonse ankagawira anthu mankhwala, koma mkazi wake yemwe akamwa asipirini ankangomva kutentha m'mimba mpaka kusanza.

Nyumba inakhala zii. Akamva amayi akuseka panjira ya kuchitsime ankatembenuka, ngakhale ankadziwa bwino kuti Perpetua palibe.

Tsiku lina akugula palafini, a Bwanali, mwini sitolo wobadwira ku Nyasalande, anamuyang'anitsitsa.

"A Damiano, mwaondatu. Amayi ali bwanji uko?"

Damiano anafotokoza zonse.

"Kwathu amayi anga ankapaka mvunguti potupa," anatero a Bwanali. "Ena ankapezako bwino. Koma muchenjere, chipatso chija chachiwisi n'choopsa."

Damiano anakaifotokoza nkhaniyo kwa adokotala, mayi wachikulire wosachulutsa mawu.

"Sindikukanizani," anatero adokotala. "Koma tiyambe tadziwa kuti sichivulaza munthu. Zoti chimathandiza tidzaziona pambuyo pake."

Damiano anathyola mivunguti iwiri kudambo, nkuidula tizidutswa, nkuyanika padenga. Zitauma anasinja, anawiritsa, anasefa pansalu, ndipo madzi okhuthalawo anawasakaniza ndi vaselini. Woyamba kupaka anali iye mwini, pamkono wamanzere. Pofika madzulo mkonowo unali matuza okhaokha, ndipo unayabwa masiku atatu. Anachepetsa mphamvu yake kawiri, khungu linafiirabe. Ulendo wachinayi anapaka milungu iwiri yathunthu osaona kanthu. Adokotala anamuyang'ana m'maso, anamuyeza mkodzo, nkugwedeza mutu kuvomera.

Kenako anapempha odwala asanu ndi mmodzi otupa maondo, ndipo onse analola atauzidwa chilichonse. Adokotala anakonza zitini ziwiri zofanana, china cha mvunguti, china cha vaselini wothira mtundu chabe, osamuuza Damiano kuti chenicheni ndi chiti. Bondo lina Damiano ankapaka za m'chitini ichi, linalo za m'chitini icho. M'mawa uliwonse ankayeza maondowo ndi tepi ya telala imene anabwereka kwa a Bwanali.

A Jonasi, mlimi wachikulire wa ku Sinda, ankaseka. "Mwana wanga, mmene ukundiyezeramu, kodi ukufuna undisokere kabudula?"

Damiano ankaseka nawo, koma akagwira bondo la munthu aliyense ankaganiza za bondo limene linali kutali.

M'mwezi wa Meyi kunabwera kalata, yolembedwa ndi aphunzitsi a kumudzi chifukwa Perpetua sankathanso kugwira pensulo. "Anzanga akolola, ine ndangopenyerera. Kuno akundisamala bwino, koma si inu. Mubwera liti?"

Damiano anapita ndi kalatayo kwa adokotala. "Ndipatseni chitini, ndinyamuke mawa."

"Chitini chiti? Inu simukudziwa, ndipo ine sindikuuzani milungu itatu isanathe. Bwanji titapeza kuti zikuwonjezera kutupa?"

Damiano anatuluka. Koma sananyamuke, ndipo anapitiriza kuyeza.

Milungu ija itatha adokotala anaulula chitini chenicheni, ndipo anaika miyezo yonse pamodzi. Mwa anthu anayi, bondo la mvunguti linali litaphwerako pang'ono, mwina ngati kunenepa kwa chala. Mwa awiri, kuphatikizapo a Jonasi, panalibe kusintha. Wovulala panalibe.

"Anthu asanu ndi mmodzi ndi ochepa," anatero adokotala, "ndipo si mankhwala ochiritsa awa. Musakamulonjeze zambiri."

Damiano anapalasa njinga masiku awiri, kudzera ku Chadiza. Anamupeza Perpetua atakhala pamphasa, akuswa mtedza ndi zikhatho popeza zala zinkakana. Anayang'anana nthawi yaitali.

"Mwachedwa," anatero Perpetua.

"Ndimaopa kukubweretserani chinthu chokupwetekani."

Anamupaka m'mawa uliwonse kwa masiku khumi. Zala zinali zosapindikabe, koma tsiku lachisanu ndi chitatu Perpetua anafika kudimba ndi ndodo, kumene anali asanapondeko chibwerere.

"Tiyeni tibwerere limodzi," Damiano anamupempha.

Perpetua anaweramitsa mutu. "Ndikafika kumeneko adzanditungira madzi ndani inu muli kuntchito? Mtima ukufuna, atate, koma thupi ili mukuliona."

Tsiku lobwerera, Perpetua anamuperekeza mpaka pamtsinje. Damiano ankangokankha njinga, kuyenda pang'onopang'ono kuti njira italike. Atawoloka anacheuka, nkumuona ataimabe kutsidya, atatsamira ndodo.

Atafika ku Katete analemba kalata yopempha kuti amusamutsire kukachipatala kakang'ono ka kufupi ndi Vubwi. Yankho linatenga zaka ziwiri. Miyezi yonseyo, mwezi ukatha ankapita kumsewu kukadikira lole, nkupatsira dalaivala chitini chatsopano chokulunga m'pepala, pamwamba atalembapo dzina la mkazi wake.