Mkate wa Nkhungu

Mizeck anali kapitawo ku esiteti ya labala, ndipo Lamulungu lililonse ankatsika ku Sanga, m'mphepete mwa nyanja, kukaphunzitsa Sande sukulu. Kwawo kunali ku Dowa. Chichewa chitangokhala chilankhulo cha m'sukulu zonse, akulu a mpingo anamupatsa ana, poti chake chinali chosalala ngati cha pa wailesi. Iye ankachidziwa chimenecho, ndipo kolala wake ankachidziwanso.

M'kalasi mwake ana a ku esiteti ankakhala pabenchi kutsogolo, ana a Chitonga pamkeka kumbuyo. Palibe analamula zimenezi, koma palibenso anaziletsa. Apamkekawo ankatha mmodzimmodzi ngati mango a m'mbali mwa njira, mpaka anatsala Lilian yekha, kamtsikana ka msodzi kosalankhulalankhula.

M'mawa umenewo kunali kaduwiri, kutentha kopanda kamphepo, nyanja ili phee ngati yaiwala kupuma. Kutali pamadzi nkhungu, tizilombo touluka ta m'nyanja, zinkakwera ngati utsi wa mudzi wosaoneka, mizati yakuda yoyenda yokha. Mizeck anaphunzitsa za kunyada, mawu ake akuyandama m'kutenthamo. Anati wodzikweza ali ngati bwato lodzaza mphepo, loti kafunde kamodzi kalitembenuza, ndipo anawakumbutsa kuti Ambuye mwini anagwada nasambitsa mapazi a asodzi. Ana ankasinza. Iye ankamva kukoma kwa mawu ake omwe.

Atatha pemphero, Lilian anadzuka, nadzagwada pamaso pake atanyamula kanthu kokulunga m'masamba a nthochi. Amayi ake ndiwo anamutuma. Mizeck anafutukula, napeza mkate wakuda wa nkhungu, tizilombo ta m'nyanjato titasinjidwa ndi kuumbidwa.

Benchi yonse inaphulika ndi kuseka. Dennis, mwana wa kalaliki, ananena mokweza kuti Atonga amadya udzudzu. Mawuwo Mizeck anawazindikira: anali akeake, anawanena yekha tsiku lina pokomedwa ndi nthabwala, iye amene kwawo amakumba mbewa mpaka dzuwa kulowa.

Lilian sanalire. Anangoyang'ana khomo, ndipo Mizeck anaona kuti mwanayo akatulukira pamenepo sadzabweranso. M'maso mwake chipindacho chinayamba kutalika, mkeka ukuyandama wopanda munthu, ukupita pakati pa nyanja. Anaganiza zonena kuti akadyera kunyumba. Anaganiza zokalipira Dennis. Zonsezo zinali zopepuka, ndipo mwana akanazinunkhiza.

Anatsika pampando wake, nakhala pansi ndi buluku lake losita. Ananyema mkatewo, naponya m'kamwa. Unali wamchenga pang'ono, wonunkhira ngati usipa wouma, ndipo unamutsamwa mpaka misozi. Tsopano benchi inkaseka iyeyo. Anailekerera iseke, nanyemanso kachiwiri.

"Yewu," anatero, mawu othokoza, a Chitonga okhawo amene ankawadziwa, ndipo anawatchula mopotoka.

Lilian anamuyang'anitsitsa nthawi yaitali, ngati akuyeza nsomba pamsika.

"Sadya choncho, aphunzitsi," anatero pamapeto pake. "Amaphika kaye. Ndi ndiwo."

"Nanga ine ndidziwa bwanji, mama? Palibe anandiphunzitsa."

Mwanayo anaganizaganiza. Kenaka analanda mkatewo m'manja mwake, naukulunganso bwinobwino kuti asauwononge.

"Sabata yamawa ndibweretsa wophika, ndi nsima ya kondowole," anatero. "Koma musambe m'manja."