Kampando ka Panja pa Labotale

"Tengani zonse, Amayi, tisabwerenso kuno," anatero mwana wake wamkazi akutsegula chikwama.

Zonsezo zinali kapu yobenthuka, magalasi otetezera maso ndi makope asanu. Zaka makumi awiri mu labotale, katundu osadzaza n'chikwama chomwe. Mayiyo anayang'ana ng'anjo imene mwamuna wake ankasungunuliramo mchere mpaka uyende ngati madzi, n'kuthiramo ufa wakuda wa mabatire akale kuti zitsulo zake zipatuke. Anamuika m'manda masiku anayi apitawo, koma mkwiyo sunalowe nawo m'dzenjemo.

Nkhani inali yakale. Mnyamata wawo atamwalira, bamboyu sanagwetse msozi ngakhale umodzi. Kutacha anavala jekete n'kupita kukasungunula mchere wake. Mayiyo sanamukhululukire, ndipo tsopano panalibenso womufunsa.

Misozi itayamba kutsika, mayi wina wa imvi, amene ankagwira ntchito ndi malemuyo, anamugwira pamkono.

"Pepani, tiyeni panja. Muno sitilira."

"Nanunso? Kodi muno amalemba a mitima yamwala okhaokha?"

"Ayi, mayi. Mchere wosungunuka sugwirizana ndi chinyezi. Kadontho kamodzi kakagweramo, umathethekera kumaso. N'chifukwa chake timayamba tauumitsa tsiku lathunthu tisanauike pamoto. Anatiphunzitsa zimenezi ndi amuna anu."

Atatuluka anaona kampando kachitsulo pafupi ndi chitseko, penti yake itafwifwa. Pakhoma pamwamba pake panali msomali, pamsomalipo kathawulo.

"Aka n'kawo," anatero wa imviyo. "Chimwalirireni mnyamata wanu, m'mawa uliwonse ankayamba akhala apa. Ife tinkadutsa ngati sitikuona. Akatha ankapukuta nkhope ndi manja, kenako n'kulowa."

"M'mawa uliwonse?"

"Mpaka tsiku limene anagwa lija."

"Nanga kunyumba osalira bwanji?" anafunsa mwana uja.

"Ndinawafunsapo. Anati mayi anuwa anali pamoto kale, dontho lawo likanawaswa."

Mayiyo anafuna kutukwana, kumuuza mwamuna wakeyo kuti anali chitsiru, kuti iye ankangofuna wolira naye. Koma womuuzayo anali atapita, ndipo zinamupweteka kuposa tsiku la maliro.

Mwana uja anayandikiza chikwama kuti aikemo kathawulo. Mayiyo anapukusa mutu. Anakhala pakampandopo, nkhope n'kuikwirira m'kansaluko, ndipo wa imvi uja anadutsa mwakachetechete ngati sakuona.