Woitanira Minibasi pa Chitsitsimutso

Jenereta idakhosomola, idatulutsa utsi wakuda, kenaka idangoti zii. Abusa Mwale, nkhalamba yopuma imene adakaitenga ku Dambe kuti idzalalike pa chitsitsimutso, adapitiriza kuyankhula osadziwa kuti mawu awo akuthera pa mipando ya kutsogolo. Magetsi adali atazima kuyambira m'mawa. Mafuta a jenereta adagulidwa kwa anyamata a zigubu, ndipo zomwe anyamata amenewo amathiramo amadziwa okha.

Bwalo la tchalitchi pa Kamwendo lidadzaza mpaka kumsewu. Ena adachokera ku Mavwere pangolo. Matenanti a m'maesiteti adabwera wapansi, ana ali kumsana. Tsopano mphepo ya mu Julaye inkawathira fumbi m'maso, ndipo ankangoona milomo ya abusa ikugwedera. A kumbuyo adayamba kupinda mphasa zawo.

A Lameki Mbewe adakhala kumapeto kwenikweni, pansi pa mtengo wa mango. Ntchito yawo idali yoitanira anthu m'maminibasi pa siteji, ndipo imvi zidawapeza akukuwa "Lilongwe! Lilongwe!" Sukulu adalekezera sitandade folo. Mu mpingo adayesa zonse. Ku kwaya adawapempha kuti azingoomba m'manja poti mawu awo ankamiza anzawo. Tsiku lina atapatsidwa pemphero adangoti "Atate... Atate..." lilime n'kuuma, atsikana akuseka m'mipango. M'mawa wa tsikuli adali atawauza akazi awo, a Felista, kuti aka n'komaliza kuponda pa tchalitchi. Adati munthu wopanda ntchito m'nyumba ya Mulungu angomalizira anzake mabenchi.

A Felista adachoka kumbali ya amayi n'kudzagwada pafupi nawo.

"Bambo a Chikondi, mukuona anthu akunyamuka?"

"Maso ndili nawo."

"Ndiye mwangokhala? Inu mukakuwa pa siteji ine ndimamva ndili kudimba."

"Ku siteji n'ku siteji, kuno n'kwa Mulungu. Amati ukaipa dziwa nyimbo. Ine kuipa ndidaipa, nyimbo nazo zidandikana. Alipo a mataye kutsogoloko, akuwe."

"Akuwa, koma mawu akuthera m'mataye momwemo. Mulungu akadzakufunsani za kholingo adakupatsanilo, mudzati lidathera pa magalimoto a eni?"

A Lameki adayang'ana kumbali. A Felista sadataye nthawi. Adadutsa pakati pa anthu, ndipo posakhalitsa adabwerera ndi a Eneya, mkulu wa mpingo, manja ali bii ndi mwaye wa jenereta.

"A Mbewe, tithandizeni," adatero a Eneya. "Simuwerenga, simupemphera. Abusa azinena, inu muzingoponya kutali."

A Lameki adawayang'ana kuyambira kunsapato. Anthu ndi otero: amakukumbukira tsiku limene nyumba yapsa.

"Mukufuna anthu aseke ngati tsiku lija?"

"Akaseka, aseka ine amene ndagula mafuta osakaniza. Taonani matenanti aja, achimwene. Ayenda mtunda wonse uja kudzangomwa fumbi?"

Kumsewu, mayi wina wa chitenje chofiira adali kumanga mwana kumsana. Anzake adali atayamba kale ulendo. Pa moyo wawo wonse, a Lameki sadathe kuona munthu akutembenuka kuchoka popanda kukhosi kwawo kuyabwa. Adaimirira.

Adawakweza pangolo imene idakokeredwa pafupi ndi guwa. A Lameki adayang'ana khamu lija. Abusa adati, "Munthu wina adakonza phwando lalikulu." A Lameki adatsegula pakamwa, koma zomwe zidatuluka ngakhale a Eneya sadazimve. Penapake mtsikana adaseka.

Abusa adatsamira ndodo yawo n'kukodola a Lameki.

"Mwananga, ukakhala pa siteji umayang'ana ndani?"

"Amene ali kutali kwambiri, abusa. Apafupi amakhala akwera kale."

"Yang'ana ameneyo."

A Lameki adafunafuna chitenje chofiira chija mpaka adachipeza. Adakoka mpweya.

"Munthu wina adakonza phwando lalikuluuu!"

Akhwangwala adauluka m'mabulugama. Mwana amene adali mtulo adadzidzimuka n'kulira. Kumsewu mitu yonse idatembenuka.

Abusa ankanena pang'onopang'ono, a Lameki n'kumaponya. Oitanidwa adakana, wina za munda, wina za ng'ombe. Mwini phwando adatuma wantchito wake kumisewu kuti akatenge amphawi ndi opunduka. A Lameki adaona kuti mawuwo akudutsa m'kamwa mwawo ngati madzi m'ngalande, osafuna sukulu, ndipo mantha adawachoka. Anthu adayalanso mphasa. Koma gulu la matenanti lidaimabe m'mphepete mwa msewu, mwendo wina uli kale paulendo.

"Wantchitoyo adabwerera," adatero abusa, "nati, Mbuye, malo akadalipo."

Apa a Lameki adaiwala komwe ali. Adamenya mbali ya ngolo ndi chikhatho ngati chitseko cha minibasi.

"Malo alipooo! Mayi a chitenje chofiira, bwererani! Abambo a njinga inu, malo alipo! Katundu wanu asakudetseni nkhawa, kuno sitisiya munthu pamsewu! Wina mmodzi! Wina mmodzi!"

Bwalo lonse lidaphulika ndi phwete. A Lameki adagwira pakamwa n'kuyang'ana abusa, kudikira kuti awatsitse. Nkhalamba ija idali kupukuta misozi ya chiseko.

"Usasiye, mwananga. Zomwe ndimafuna kunena ine n'zomwezo."

Mayi uja adabwerera, anzake ali pambuyo. Amayi adayamba nthungululu. Anyamata a kabaza adabwera kuchokera pa siteji, akufunsana kuti kodi mdala Lameki wapeza minibasi yanji ku tchalitchi. Adaimika njinga zawo kuti aseke, koma adakhala mpaka pemphero lomaliza, zipewa zili m'manja. Pamene abusa adaitana ofuna kupemphereredwa, fumbi lidabuka ndi mapazi a anthu opita kutsogolo. Chapakatikati jenereta ija idadzuka, ndipo a Eneya adathamanga ndi chimkuzamawu. Abusa adangochikankha ndi ndodo.

Atatsika pangolo, a Lameki adapeza kuti mawu awathera. Malaya adali atanyowa ngati avumbwa. A Felista adawapatsira madzi m'chikho.

"Lero ndipumako kunyumba," adatero a Felista. "Wolongolola wasasa mawu."

A Eneya adafika akupukuta manja.

"A Mbewe, sabata ya mawa abusa akukalalika ku maesiteti a ku Mavwere. Kumeneko kulibe magetsi, ndipo jenereta iyi sindiikhulupiriranso. Koma ndikudziwa kuti Lamulungu masana siteji imakhala yotentha ndi anthu apaulendo."

A Lameki adamwa madziwo mpaka kumaliza. Adakodola mmodzi wa anyamata a kabaza, amene adawerama kuti amve kunong'ona kwawo.

"Ukawauze madalaivala. Kuyambira lero, Lamulungu azidziitanira okha."