Denga la a Gebeyehu

Wansembe ankati sakudziwa bwinobwino zaka za mudzi wa Gedamba. A Gebeyehu ankati ndi mazana anayi, ndipo ankanena ngati analipo tsiku loika mwala woyamba.

Iwowa ndiwo ankalondolera alendo obwera kudzayenda pansi m'tinjira ta kumtunda, kumene kulibe mtengo ndi umodzi womwe, koma udzu, miyala, nkhungu ndi mphepo yolowa m'mafupa. Anali ndi ndodo, chipewa, ndi kabaji ka pachifuwa kamene zilembo zake zinafufutika kalekale. Ulendo unkayambira pa tchalitchi chakale, n'kudutsa pakati pa nyumba zamiyala zofolera ndi udzu wa guwasa, n'kukwera mpaka pa mwala wina wathyathyathya. Pamenepo ankaima, kudikira kuti alendo apezeko mpweya, kenaka n'kuloza thengo lonselo ndi ndodo.

"Udzu uwu sumwetedwa chisawawa," ankatero. "Timautseka zaka zitatu, zinayi, mpaka msonkhano wa midzi yonse utanena kuti tsegulani. Zaka mazana anayi, palibe mwana wa Gedamba amene anakwera kuno ndi chikwakwa tsiku lisanakwane."

Analipo ndithu amene anakwerapo, koma a Gebeyehu atafufuza anapeza kuti onsewo mayi awo anali ochokera kwina.

Ndi iwo omwewonso amene anaimirira pamsonkhano zaka zisanu zapitazo n'kulankhula mpaka anthu anavomera, ena chifukwa cha njala, kuti nyumba zonse za m'mbali mwa njira ya alendo zisafoleredwe ndi malata. Yawo inali yoyamba kuchokera kutchalitchi.

Tsopano guwasa anali m'chaka chachitatu chotsekedwa, mvula inafulumira, ndipo denga lawo linayamba kudontha. Silinadonthere pakhomo kapena kumene kumagona nkhosa. Linasankha pamwamba penipeni pa mpando wachikopa wa alendo olemekezeka.

"Bambo a Yeshi," anatero akazi awo a Askale Lachitatu m'mawa, akusuntha mphika ndi phazi kuti ulandire madontho, "Lamulungu anthu aja akubwera."

"Ndikudziwa masiku."

"Masiku mumawadziwa, mpaka mazana anayi. Ine ndikunena anayi okha."

Anthu ajawo anali akuluakulu odzafunsira mbeta mwana wawo Yeshi, dzina lake lonse Yeshiwork, m'malo mwa mphunzitsi wina wofatsa amene mtsikanayo anamufuna yekha. Vuto linali amalume a mphunzitsiyo, a Belachew, mwini sitolo ya nsalu kutauni ya kumunsi. Chaka chatha bamboyu anapita kukamufunsira mbeta mphwake wina, anayang'ana khoma long'aluka la nyumba ya mtsikanayo, anamwa khofi kapu imodzi n'kunyamuka osanena chimene anabwerera. Ukwati unathera pomwepo. Yeshiwork ankaidziwa nkhaniyo. Masiku amenewa sankayankhula zambiri. Ankangoti akalowa m'nyumba n'kuyang'ana kumwamba.

"Lata limodzi lokha," anatero a Askale. "Tiliphimba ndi zinyalala, ndani adzaone?"

"Mzungu aliyense wa kamera."

"Ndiye pemphani mtolo kwa anzanu."

Anali atapempha kale. Mitolo yosungidwa inatha chaka chachiwiri, ndipo aliyense amene anamufika anawatengera m'nyumba kukawaonetsa mphika wake.

Lachinayi, nkhungu itakuta mudzi moti tchalitchi sichinkaoneka, a Gebeyehu anavala chofunda chawo chaubweya wankhosa, anasiya kabaji pawindo, n'kutenga chikwakwa kuseri kwa nkhokwe ya balere. A Askale anaona dzanja lamanja litabisika m'chofunda.

"Lero kuli alendo?"

"Ndikukayendera njira."

"Njirayo ikumera tsitsi?"

A Gebeyehu anatuluka. Anakwera mofulumira kuposa mmene ankakwerera ndi alendo, poti panalibe womufotokozera dzina la duwa lililonse. Mumtima ankawerengera: mitolo iwiri basi, yomweta pang'ono apa, pang'ono apo. Thengo lalikulu ngati limenelo silingazindikire. Komanso munthu amene walitamanda zaka khumi ndi ziwiri, tinene kuti thengolo lingamumane mitolo iwiri?

Miyendo inawafikitsa pamene inazolowera, pa mwala wathyathyathya uja. Guwasa anali wofika m'chiuno, wonyowa, ngala zake zitawerama ndi njere zosayoyoka. Anagwada, anagwira tsinde limodzi ndi dzanja lamanzere, n'kutulutsa chikwakwa.

Apo nkhungu inang'ambika pang'ono. Patsogolo pawo panali anyani a kumtundako, a zifuwa zofiira, makumi atatu kapena kuposa, atakhala pansi mondondozana, manja ali pamaondo, onse akuyang'ana iwo. Chimphongo china cha ubweya wautali m'mapewa chinali patsogolo, chitapendeketsa mutu monga amachitira alendo a ku Jeremani akafuna kufunsa funso lovuta.

Munthu akachita chinthu chimodzi pamalo amodzi kwa zaka khumi ndi ziwiri, thupi silidikiranso kuuzidwa. A Gebeyehu anangozindikira ataimirira, atakonza kukhosi, chikwakwa chitaloza thengo m'malo mwa ndodo.

"Udzu uwu sumwetedwa chisawawa," anatero.

Anapitiriza mpaka kumapeto, osadumpha liwu. Atafika pa "palibe mwana wa Gedamba" mawu anatsika, koma anamaliza. Chimphongo chija chinayasamula n'kuyamba kuzula udzu waufupi. A Gebeyehu anayang'ana chikwakwa, anayang'ana tsinde limene analigwira lija, limene linali litadzuka kale. Anabwezera chikwakwa m'chofunda.

"Funso, bwana wolondolera," anatero mawu kuseri kwa mwala.

Anali a Mekuria, mlonda wa guwasa wosankhidwa ndi msonkhano, mnzawo wa paubwana amene sanagwirizane nawo pa chilichonse chibadwire. Anali atakhala pansi, akutafuna balere wokazinga.

"Alendo anuwa alipira kale, kapena alipira potsika?"

"Wakhala pamenepo nthawi yaitali bwanji?"

"Ndinakhalapo musanafike. Ndodo yanu yapindika masiku ano, mdala."

"Kunyamula chikwakwa si mlandu."

"Ayi ndithu. Ena amanyamula chometera ndevu." A Mekuria anawapatsa balere wodzaza dzanja. "Tiyeni titsike. Kukuzizira."

Anatsika limodzi.

Lamulungu mvula inayamba mapemphero atangotha. A Askale anali atasuntha mpando wachikopa, koma a Belachew atalowa ndi anzawo awiri, atavala jekete la kutauni ndi nsalu yoyera paphewa, anaukokera okha pakati, pamene ankaona kuti ndi poyenera munthu ngati iwo. Panalibe amene akanawauza kuti asunthe. Mbali ya kuchikazi kunakhala a Gebeyehu, mchimwene wawo, ndi a Mekuria, amene a Askale anawaitana osafunsa aliyense.

Pa makapu atatu a mwambo, khofi woyamba anadutsa bwino. Anafunsana za ziweto, za balere, za msewu. Dontho loyamba linagwa khofi wachiwiri ali m'manja, ndipo linatera pakati penipeni pa dazi la a Belachew. Lachiwiri linatsatira njira yomweyo. Kuseri kwa nsalu yotchinga, kumene kunali Yeshiwork, mtondo wa khofi unasiya kulira.

A Belachew anapukuta mutu pang'onopang'ono, anayang'ana kumwamba, kenaka kukhomo, kumene phiri linkaoneka lotuwa ndi udzu.

"Pobwera ndaona udzu wofika m'chiuno," anatero. "Kuno amuna anathyoka manja?"

A Gebeyehu anaimirira, n'kuyamba ndi liwu laulemu loitanira akuluakulu. "Gashe Belachew, udzu umenewo sumwetedwa chisawawa. Zaka mazana anayi..."

"Zimenezo ndinazimva. Mphwanga anandibweretsera kapepala ka alendo, kali ndi chithunzi chanu." Anaika kapu pansi, khofi ali theka. "Zouza azungu ndi zina. Ine ndimagulitsa nsalu, achimwene. Ndimadziwa mawu a pamsika."

Anayamba kukonza nsalu ya paphewa, monga amachitira munthu wofuna kunyamuka.

"Lachinayi anakwera ndi chikwakwa," anatero a Mekuria, maso ali m'kapu yawo.

M'nyumba munangomveka dontho. A Gebeyehu anakhala pansi osafuna.

"Ine ndine mlonda wa kumtundako. Kunali nkhungu yoti sungaone phazi lako. Sankadziwa kuti ndilipo. Anagwada, anagwira udzu, chikwakwa chili apa. Ndinali nditayamba kale kuganiza kuti ndikanena bwanji kumsonkhano, poti mawu ambiri a kumsonkhanoko amakhala ake. Kenaka anaimirira n'kuwalalikira anyani lamulo lonse, kuyambira poyamba mpaka pomaliza, n'kutsika chimanjamanja."

"Anyani?" anafunsa a Belachew.

"Makumi atatu. Anamvetsera kuposa ife."

Mmodzi wa alendowo anatsamwa ndi khofi. A Belachew sanaseke. Anawayang'ana a Gebeyehu nthawi yaitali.

"Ndi zoona?"

"Anali makumi anayi," anatero a Gebeyehu motsitsa.

"Mumadziwa kuti ndikubwera? Mumadziwa za chaka chatha?"

"Mudzi wonse umadziwa."

Dontho lina linagwa. A Belachew sanapukute. Anatola kapu ija n'kumaliza khofi wozizirayo.

"Munthu wondiuza kuti sanaganizepo zomweta, ameneyo ndimadziwa kuti ali ndi lata penapake," anatero. "Mayi, khofi wachitatu alipo? Sitinanene chimene tabwerera."

Kuseri kwa nsalu mtondo unayambanso kulira, mofulumira kwambiri. A Askale anabwera ndi mphika uja.

"Gashe, musunthe pang'ono kapena muugwire nokha?"

Anasuntha.

Ukwati unachitika Pasaka itadutsa. Guwasa anatsegulidwa chaka chotsatira, ndipo a Gebeyehu anamweta tsiku loyamba pamodzi ndi wina aliyense, ngakhale anayankhula kwambiri kuposa mmene anamwetera. Miyezi yonse yapakatiyo denga linapitiriza kudontha, ndipo ulendo wa alendo unayamba kukhala ndi poima patsopano, pakati pa tchalitchi ndi mwala wathyathyathya. Ankawalowetsa m'nyumba mmodzimmodzi, n'kuloza kumwamba ndi ndodo, kenaka mphika.

"Apa," ankatero, "mukuona lamulo likugwira ntchito."

Za chikwakwa sankatchula. Koma a Askale, amene ankagulitsira alendowo zofunda zaubweya pakhomo, anachikoloweka pakhoma poonekera, ndipo mlendo akafunsa kuti ndi chachiyani, ankangoti, "Afunseni abambowo. Amadziwa mbiri."