Woyambitsa Salimo Wopanda Mawu

Chichokereni kuchipatala komwe anawachotsa kholingo n'kuwasiya opanda mawu, a Tormod sankakhazikika. Ankapita kukaona nkhosa, kubwerera, kutsegula buku la Masalimo, kulitseka, kutulukanso. Kwa zaka makumi atatu iwo ndiwo ankayambitsa salimo m'tchalitchi cha kwawo pachilumba cha Lewis. Kumeneko salola limba kapena choimbira chilichonse. Woyambitsa amaimba mzere yekha, mpingo n'kuulandira pang'onopang'ono, aliyense akuupinda m'njira yake.

Mwana wawo Seonag anatumiza kabokosi kuchokera ku Glasgow. Akatswiri anali atatola mawu a bambo ake m'makaseti akale n'kuwalowetsamo. Ukalemba mzere n'kudina, ankaimba anali Tormod weniweni, wa masiku a mphamvu zake.

"Eya, uyu ndiye anandifunsira," anatero akazi awo, mayi Dolina, akuwapatsa tiyi yemwe anali atamuziziritsa kale chifukwa cha pakhosipo. "Nanga inu ndinu ndani, bambo?"

A Tormod analemba pakapepala kuti: Mlendo. Sanaseke.

Akulu ampingo anatha milungu iwiri akukambirana ngati kabokosiko n'choimbira. Amene anamaliza nkhaniyo anali a Seoras, mnzawo wa paubwana wa a Tormod, amene ankangogwirizira udindo woyambitsa salimo.

"Choimbira chanji? Ndi Tormod yemwe uja, kungoti uyu sakangana ndi munthu. Bwera nako, mdala iwe. Anthu atopa ndi ine, ndimalira ngati chitseko."

Tsiku la Sabata a Tormod anaima pamalo pawo pansi pa guwa, kabokosi kali m'manja. Anapemphera mwachidule, kenaka anadina. Mzere woyamba unatuluka wosalala, amayi ena mpaka kupukuta m'maso.

Koma mpingo wa okalamba ukamaimba umatsika. Pofika kumapeto kwa mzere mawu amakhala atagwa pang'ono. Zaka zonsezo a Tormod ankawatsatira pansipo osadziwa n'komwe, n'kuyambira mzere wotsatira pomwe iwo asiyira. Kabokosi sikankamva munthu. Mzere wachiwiri kanauyambira pamwamba pomwe paja. Anthu anakwera movutika, n'kutsikanso. Pa mzere wachitatu ena anangotseka pakamwa. Pa wachinayi ankaimba anali kabokosi ndi mayi Dolina basi, iwowo akukakamiza mawu mpaka mitsempha ya m'khosi kuonekera, kuti amuna awo asatsale okha.

A Tormod anathimitsa. M'tchalitchi munangoti zii, salimo lili pakati. Anayang'ana kukhomo. Panali pafupi, ndipo palibe akanawadzudzula.

M'malo mwake anakodola a Seoras. Atabwera, anawagwira pamkono. A Seoras anayamba mzere, pamwamba monga mwa nthawi zonse. A Tormod anaukankhira mkonowo pansi. Mawu anatsika. Anaukankhanso, mpaka anafika pomwe anthu anasiyira. Kumbuyo munthu wina anaulandira, kenaka benchi lonse, kenaka onse. Mpingo ukamachedwa, ankaugwira mkonowo kuti a Seoras adikire. Ukapuma, ankaufinya.

Potuluka a Seoras ankadzisisita.

"Wandithyola mkono, mfiti iwe. Ndiye zikhala chonchi Sabata iliyonse?"

A Tormod anafufuza kapepala m'thumba, n'kukatsamiritsa pamsana pa mnzawoyo. Analemba kuti: Lachinayi ubwere kunyumba. Umafulumira.